Katondo m'Giza ya a Kwenda

Kankhirani chipulanga icho pamoto, ndikuuzeni chifukwa chake sindikwera m'siling'i nthawi ikangopitirira 3 koloko masana. Mwandiseka mokwanira. Ena mumati Fasitoni wakalamba, mawondo atha, ena mumati ndi ulesi chabe. Sekani ndithu, mano ndi anu, koma mundimvere mpaka ndimalize.

Upulambala ndaugwira zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo madzi ofiira a mu giza, thanki ija yotenthetsa madzi ndi magetsi, sankandiopsa. Munthu akandiimbira foni kuti mpopi wa madzi otentha ukutulutsa zonga tiyi, ndimayamba ndatsegula wa madzi ozizira. Ozizirawo akakhala oyera, ndiye kuti vuto lili m'nyumba momwemo: mwina dzimbiri ladya thanki, mwina matope akhazikika pansi, mwinanso mapaipi akale achitsulo atopa. Umazimitsa magetsi, kutseka valavu, kukhuthula madzi onse, kutsuka, basi. Ndi ntchito ya maola awiri, kenako umamwa tiyi wa eni nyumba nkumapita. Ndinkanyada nazo, ndipo ndinkauza anthu kuti palibe giza mu Blantyre muno imene ingandigonetse ndi mutu.

Chaka china mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anandiimbira bambo wina wa ku Kameza dzina lake Gilbati Kwenda. Anali wa muofesi, wa taye, mmodzi wa anthu aja amene amayamba kukuphunzitsa ntchito yako usanatsitse chikwama. Nyumba yake inali yatsopano, penti yoyera mbee, bwalo lonse loyalidwa timabuloko ta simenti. Ndikulowa pageti, anayang'ana kaye nsapato zanga asanandiyang'ane kumaso.

"Amisiri, giza iyi sinathe ndi chaka chomwe," anatero. "Koma madzi otentha akumafiira ngati a pachithaphwi, ndipo mwana wanga akusamba zimenezi."

M'nyumbamo munali anthu anayi: Gilbati, mkazi wake Enelesi, khanda lawo la miyezi iwiri dzina lake Tinyade, ndi mayi ake a Gilbati, aNachisale, amene anali atabwera kuchokera ku Dowa masabata atatu m'mbuyomo kudzathandiza kulera.

"M'mawa amakhala bwinobwino," anatero Enelesi, mwana ali paphewa. "Amayamba kufiira cha m'ma 4 koloko, nthawi imene ndimamusambitsa."

Ndinaseka. "Mayi, dzimbiri silivala wotchi."

Iye sanaseke.

Ndinaimika makwerero mukhonde la m'kati, nkukankha kachitseko ka siling'i. Giza inali pamwamba pa bafa, yonyezimira, mawaya ake ali bwinobwino. Ndikuunika uku ndi uku ndi tochi, ndinaona kabango katagona papulanga, cha pamwamba pa chipinda chimene ankagoneka mwana. Kanali kodulidwa bwino mbali zonse ziwiri, kutalika kwake ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala, nkuwonjezapo pang'ono. M'siling'i timapezamo zambiri zosiyidwa ndi omanga, mabotolo, zisoti, ngakhale mafupa a nkhuku. Chinandidabwitsa pang'ono nchakuti kabangoko kanali kakawisi. Ndinakatsitsa nkukaponya kuseri kwa mpanda, osakaganiziranso.

Madzi a m'thanki ndinawatulutsira panja ndi paipi ya labala, Gilbati akulondalonda kuti ndisamuthimbiritsire timabuloko take. Kumapeto kunatuluka matope okhathamira, ofiira psuu. Dzimbiri ndimalidziwa, limanunkha chitsulo ndipo limatuluka timakoko. Aya anali katondo weniweni, wonunkhira ngati munda umene wangolimidwa mvula yoyamba itagwa.

ANachisale anali atakhala pansi kutsamira khoma la kuseri. Anali mayi wamfupi, woonda, wa maso akuthwa, ndipo chifikire changa anali asanalankhule kupatula moni. Anadzuka, nkutapa matopewo ndi zala ziwiri, nkuwanunkhiza.

"Amisiri, awa mwawachotsa m'kati mwa nyumba?"

"Eya, agogo. M'mwambamo."

"M'kati," anabwereza, akuyang'ana mwana wawo.

"Amayi, musayambe," anatero Gilbati.

Sanayambedi. Anapukuta zala pachitenje nkubwerera pakhoma paja. Ine ndinadzaza thanki, madzi anatuluka oyera, ndipo ndinachoka ndikuimba mluzu.

Patapita masiku atatu anandiimbira ndi Enelesi. Madzi anali atafiiranso, ndipo Tinyade anali ataleka kuyamwa. Kuchipatala anapita naye kawiri, anamuyeza zonse, sanamupeze ndi malungo kapena china chilichonse chogwirika.

Nditafika ndinaona kuti khanda lija, limene ndinalisiya lili ndi masaya, latha ngati sopo. Enelesi anandikokera kukhitchini.

"Ndinasiya kumusambitsa a mu giza. Ndimawiritsa a mu ketulo, oyera bwinobwino. Koma taonani."

Anatukula kachibwano ka mwanayo. M'mapindo a khosi munali kamzera kofiira. Pakati pa tizala ta kumapazi chimodzimodzi. Ndinapaka ndi chala changa, ndipo linali dothi.

"Ndimapukuta, limabweranso," anatero. "Sopo wa kubafa akutha masiku awiri, ndimamupeza ali chinyowere pansi pomwe palibe amene wasamba. Mwala wa amayi wokhulira mapazi, umene anabwera nawo kuchokera kumudzi, wasowa. Amisiri, ine ndikuopa."

Ndinamuuza kuti asadandaule, zonse zili ndi chifukwa chake. Ndinalankhula ngati munthu wodziwa.

Ulendo uno ndinaganiza zoona m'kati mwenimweni. Ndinazimitsa magetsi, kukhuthula madzi, nkumasula elementi, kachitsulo kaja kamene kamatenthetsa madzi. Inali yoyera ngati yangochoka m'sitolo. Ndinaunika pabowo pake. Makoma a thanki anali osalala, opanda ndi kadontho komwe ka dzimbiri. Koma pansi pake panali katondo wina, ndipo m'katondomo munali timizu ta mitengo, todulidwa mwa chamchamcham ngati ndi khasu lakuthwa. Pakati pa timizuto panali mwala wakuda, waukulu ngati chibakera changa.

Abale anga, bowo la elementi limalowa zala zitatu. Paipi yolowetsa madzi imalowa chala chimodzi. Ndinayesa kuukoka mwalawo ndi waya, unkangofika pabowo nkugunda, go, nkubwerera. Ndinakhala pansi papulanga thukuta lili kamukamu, ndipo tochi yanga inagwera pamalo paja pamwamba pa chipinda cha mwana. Kabango kanalipo, kakawisi, kutalika komwe kuja.

Sindinauze munthu. Ndinakabisa m'malaya nkukataya m'ngalande ya kumsewu. Gilbati anali kuntchito, choncho ndinauza Enelesi kuti giza ndaisiya yopanda madzi, valavu ndatseka, mawaya ndachotsa, ndipo mawa ndibwera kudzaitsitsa ndithu. Ndinatuluka, iye nkukhoma geti m'mbuyo mwanga. Inali isanakwane bwino 4 koloko.

Ndikumangirira chikwama panjinga, ndinaona mkulu wina akubwera mumsewu wafumbi uja. Anali wamtali, wowerama pang'ono, buluku atapinda mpaka m'mawondo. Paphewa anali ndi khasu la mpini waufupi, m'khwapa atapanira mbale yakale yachitsulo. Ndinangoti ndi waganyu wa m'dimba. Koma miyendo yake inali ndi matope ofiira mpaka m'mawondo, aawisi, pomwe mvula inali itasiya mu Epulo.

"Mwaswera, amisiri," anatero, mawu ake okoka ngati a anthu a chigawo chapakati. "Madzi atentha?"

"Lero kulibe, madala. Ndazimitsa."

"Aaa," anatero mofatsa, ngati akuwongolera mwana. "Atentha."

Anandidutsa. Nkhope yake sindinganame kuti ndinaiona, ndipo nthawi zonse ndikayesa kuikumbuka ndimangoona chipewa. Ndinamaliza kumanga chingwe nkucheuka. Mumsewu munalibe munthu. Geti inali chikhomere, ndipo geti yachitsulo ija inkalira moti sungaitsegule mwakachetechete. Pafumbi panali mapazi onyowa, opanda nsapato, olunjika pageti, nkuthera pomwepo. Njinga ndinaipalasa tsiku limenelo ngati mnyamata.

Mawa lake linali Loweruka. Ndinazengereza dala m'mawa wonse, ndikudziuza kuti ndili ndi ntchito zina, mpaka manyazi anandigwira. Ndinafika ku Kameza itadutsa 3 koloko. Magetsi anali atazima dera lonse kuyambira m'bandakucha. Gilbati anandichingamira maso ali psuu, osagona, nkundikokera kubafa osandipatsa ndi moni womwe.

"Mwati mwakhuthula? Mwati mwachotsa mawaya? Nanga ichi nchiyani?"

Anatsegula mpopi. Unatsokomola kawiri, kenako madzi anakhuthuka, ofiira, akufuka nthunzi. Galasi la pakhoma linachita chifunga.

"Mwana wanga m'mawa uno tabwera naye kuchipatala kachitatu, akuti sakuona kanthu. Inu mukungotiseweretsa. Ngati ntchito yakukanikani nenani, tiitane odziwa."

Pamenepo ndi pomwe ndinapusa. Mawu oti odziwa anandibaya, ndipo mkwiyo unaposa mantha. Ndinaimika makwerero nkukwera.

M'siling'i mu Okutobala mumatentha ngati mu uvuni, koma tsiku limenelo munali kazizi, ndipo monse munkanunkha dothi lofukula kumene. Ndinakwawa mpaka pa giza. Mawaya anali lende, monga ndinawasiyira. Valavu inali chitsekere. Elementi inali pambali pomwe ndinaigoneka, bowo lake lili pululu, koma osadontha ndi dontho limodzi. Ndinagwira thanki. Inali yofunda, kufunda kwabwino kuja kwa madzi amene mayi wayesa ndi chigongono.

Kenako ndinamva. Khuvu. Khuvu. Ngati munthu akutapa madzi ndi manja nkumadzithira pamapewa. Kunakhala zii pang'ono, nkuyamba kwee, kwee, kwee, mwala ukukhula chidendene. Ndikudziwa zimene giza imalira, abale anga. Imang'ung'udza, imathetheka ngati chimanga pamoto matope akachuluka. Koma giza siusa moyo. Iyi inausa moyo, kuusa kwa munthu wotopa amene wagwira ntchito yolemetsa ndipo tsopano thupi lamasuka.

Phokoso la madzi linaleka. Pulanga la pafupi ndi ine linalira, tswa, ngati lapondedwa. Ndinaunika. Phazi sindinalione. Ndinangoona pulangalo likuda ndi chinyezi pamalo amodzi, kenako lotsatira lake, kenako linanso, pang'onopang'ono, kulowera pamwamba pa chipinda cha mwana. Kumeneko kabango kanali katagona pamalo ake.

Chimene chinandituma sindichidziwa mpaka lero. Ndinadziponya chamimba, nkutambasula mkono, nkukatsomphola. Pomwepo kamphepo kofunda kanandipuma pakhosi, ndipo mawu aja a pamsewu analankhula pafupi ndi khutu langa, mopanda ukali.

"Siyani icho, amisiri. Ncha ntchito."

Mmene ndinatsikira musandifunse. Ndinangozindikira ndili pansi mukhonde, makwerero atandigwera, chigongono chikutuluka magazi, kabango kali m'manja. Onse anathamangira pomwepo. Enelesi anali atanyamula Tinyade, amene sankaliranso, ankangotsegula kakamwa popanda mawu. ANachisale ataona kabangoko anagwira khoma, nkutsetsereka mpaka kukhala pansi.

"Mayo ine," anatero. "Adula kale."

"Amayi, chonde, si nthawi ya zimenezo," anayamba Gilbati.

"Khala chete, iwe!" Mawu amenewo anatuluka m'kathupi kaja moti tonse tinadzidzimuka. Kenako anatembenukira kwa ine. "Amisiri, inu ndinu mlendo, mverani. Malemu amuna anga, aKwenda, anali mkulu wa adzukulu, okumba manda kwathu, zaka makumi anayi. Tsiku la maliro ankabwera dzuwa litapendeka chonchi, dothi thupi lonse, ndipo sanapondepo pakhomo asanasambe. Ndinkawaikira madzi ofunda kuseri kwa nyumba, ndi sopo, ndi mwala wawo. Atamwalira chaka chatha sindinaleke. Ndinkaika ndowa, ndikapitako ndinkapeza madzi atafiira. Sitinavutanepo, iwo kuseri, ine m'nyumba."

Kumwamba pulanga linalira kamodzi.

"Nditabwera kuno anandilondola, nanga akanasamba kuti? Masiku oyamba ndinkakoleza mbaula kuseriko. Uyu anati mwaye ukudetsa khoma, nanditsekera mbaula m'sitolo yosungiramo katundu. Anati, amayi, kuno nkutauni, madzi otentha ali m'giza. Ndiye ine, kupusa kwanga, ndinaona chisoni kuti munthu aima panja ndi matope. Ndinapita kuseri nkunena kuti, aKwenda, pepani, akuti madzi ali m'mwamba, m'nyumbamo." Anadziguguda pachifuwa. "Ndinawalowetsa ndine."

"Nanga ngati ndi bambo, angapweteke bwanji mwana wanga?" anatero Gilbati, mawu atachepa. "Bambo anali munthu wabwino."

"Ndi wabwino mpaka pano. Si nkhanza, mwanawe, ndi ntchito. Wokumba manda ndi dothi lake salowa m'nyumba ya munthu pokhapokha akadzayeza wakufa, kuti akadziwe kutalika kwa manda. Amadula bango lofanana ndi munthuyo, nkutuluka nalo. Sadziwa kulowa kwina."

Palibe amene anasendeza kabangoko pafupi ndi mwana. Panalibe chifukwa. Tonse tinayang'ana bango, nkuyang'ana Tinyade, ndipo Enelesi analira kulira kumene sindifuna kudzakumvanso.

Gilbati anathamangira kusitolo, makiyi akumugwa m'manja. Anatulutsa mbaula yekha, nkuiika pakati penipeni pa timabuloko take, nkuthira makala. Anagwada nkumauzira moto, phulusa likumugwera m'maso. "Tiwaikire madzi panja," ankatero. "Atuluke, amayi, atuluke. Kapena tithawe naye mwanayu, tipite kwa achemwali ku Zingwangwa."

"Bango likadulidwa, pita kulikonse," anatero aNachisale. Anali ataima tsopano, akumanga chitenje molimba. "Kutuluka atuluka, koma satuluka chimanjamanja. Amisiri, tepi yanu ili pomwepo?"

Sindinamve msanga chimene ankatanthauza. Anayala chitenje china pansi pafupi ndi mbaula, nkugona chagada, miyendo atawongola, manja m'mbali.

"Kuno kulibe bango lalitali. Paipi yoyera ili panjinga yanuyo ikwana. Ndiyezeni."

Gilbati anasiya moto nkuwagwira mapazi. "Amayi, ayi. Ayi! Ndalakwa ndine, khoma ndi langa, ayeze ine."

"Iwe ukapita, mwanayu alera ndani? Choka apo, ukundipinda miyendo." Kenako anamugwira pamutu, mawu nkufewa. "Ine ndadya zanga, Gilbati. Komanso bambo ako chaka chathunthu akusamba okha, popanda wowakhula kumsana. Ukuganiza kuti sindimva chisoni?"

Ine ndinakana. Ndinati ndine pulambala, ndimayeza mapaipi, sindiyeza anthu amoyo. Ndinali nditayamba kale kubwerera cham'mbuyo kulowera kugeti. Pomwepo Enelesi anatuluka pakhomo, mwana ali m'manja, kamutu kali lende.

"Akuzizira," anatero. Sankaliranso. "Amisiri, akuzizira."

M'nyumbamo, pamwamba, china chake chinkayenda uku ndi uku, osathamanga, ngati munthu amene akufunafuna chida chimene wachisiya penapake.

"Fulumirani," anatero aNachisale. "Akasowa bangolo adula lina."

Ndinatulutsa tepi. Ndinayeza kawiri, kuchokera pamutu mpaka kuchidendene. Inali mita imodzi ndi theka.

"Onjezani zala zinayi," anatero ali chigonere, maso atatsinzina. "Iwo amatero, kuti munthu asapanikizike."

Ndinaonjeza. Ndinadula paipi ndi sowo, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinkalira ngati mwana, mamina ndi misozi, ine Fasitoni wodziwa magiza onse a mu Blantyre.

ANachisale anadzuka, nkusasa chitenje, nkutenga kabango kaja. Anakathyola pabondo katatu nkukaponya pambaula. Kanalira tsiii, nkutulutsa utsi woyera. Anatereka madzi, ndipo atafunda anawayesa ndi chigongono, nkuwathira mundowa. Gilbati anafuna kuwanyamulira, anamumenya padzanja. Ananyamula okha, ndowa kudzanja lamanja, paipi ndi sopo kumanzere, nkuzungulira kuseri kwa nyumba. Ife anatiuza kuti tikhale kumaso ndipo tisasuzumire.

Tinawamva akuitana, osakweza mawu, monga mmene mkazi amaitanira mwamuna wake tsiku lina lililonse.

"AKwenda! Madzi atentha. Kuseri kuno, monga kale."

Kuyenda kwa m'siling'i kunaima. Kenako mapulanga anayamba kulira limodzi limodzi, kuchoka pamwamba pa chipinda cha mwana, kudutsa pabalaza, kulowera kuseri. Mpopi wa kubafa, umene Gilbati anausiya chitsegulire, unatsokomola nkuuma. Kuseri kunamveka khuvu, khuvu. Tinamva aNachisale akulankhula chapansipansi, mawu osamveka bwino, ngati akudandaula za chinachake, kenako anaseka kamodzi, kuseka kwa mtsikana.

Tinyade anayetsemula. Anakwinya nkhope, nkutulutsa kulira kwaukali kumene kunamveka mpaka kumsewu. Enelesi anakhala pansi pomwepo pakhomo nkumupatsa bere, ndipo mwana anakakamira ngati akulipsira mtima.

ANachisale anabwera patapita kanthawi, ndowa ili yopanda kanthu, manja ali ofiira mpaka m'zigongono. Paipi analibe. M'dzanja anali atafumbata mwala wakuda uja. Anayang'ana mwana akuyamwa, nkugwedeza mutu.

"Mawa undiperekeze ku Dowa," anauza Gilbati. "Ndili ndi zoti ndikalongosole."

Zotsalazo anandiuza ndi Gilbati mwini. Anafika kumudzi Lamulungu. Mayiwo anagawa zitenje zawo, nkhuku anapatsa achemwali awo, nkuyendera anzawo onse khomo ndi khomo. Sanadwale ngakhale mutu. Lachinayi masana anakhala pamkeka nkumasenda mtedza, ndipo dzuwa litapendeka anawapeza atatsamira khoma, lichero lili pamiyendo. M'mawa mwake adzukulu atapita kumanda kukasankha malo, anapeza pambali pa manda a aKwenda pali polambula kale, ngodya zinayi zitalembedwa ndi khasu, ndipo pakati pake patagona paipi yoyera ya pulasitiki. Kumudziko kulibe mpopi ndi umodzi womwe. Anangokumba motsata paipiyo, ndipo bokosi linalowa bwinobwino, nkutsala malo a zala zinayi.

Paipi imeneyo ndinadula ndine. Anthu amandiuza kuti ndinapulumutsa mwana, ndipo mwina ndi zoona, poti Tinyade lero ali Sitandade 3 ndipo akuti ndi wolongolola ngati agogo ake. Koma ndikagwira tepi, nthawi zina ndimaona timapazi tija titawongoka pachitenje, ndipo mtima umandipweteka.

Giza ija ndinakaitsitsa patatha sabata, m'mawa dzuwa lili gee. Ndinaidula pakati kuti ndione. Munalibe dzimbiri, munalibe dothi, munalibe ndi kamuzu komwe. Gilbati anati ndisaikenso ina, ndipo mapaipi ake ndinawatseka.

Mukadzadutsa ku Kameza cha m'ma 4 koloko, mudzaone nyumba ina yoyera imene khoma lake la kuseri lili bii ndi mwaye mpaka kudenga. Mwini wake amaweruka msanga kuntchito tsiku lililonse. Mudzamupeza atanjuta pabwalo, taye ataiponya paphewa, akuuzira mbaula. Ndowa amaika ziwiri.